Mfuti ya mpweya ndi denga langa lodontha

Usiku wina mu Januwale chaka chino ndinadzidzimuka kutulo nditamva madzi akugwera patebulo. Patebulopo ndinali nditaunjikapo makope a ophunzira anga a Fomu 4 omwe ndinkayenera kuchonga. Mmene ndimayatsa tochi n'kuti makope a pamwamba atanyoweratu, inki itasungunuka moti ena sankawerengeka n'komwe. M'mawa mwake ndinakaima pamaso pa ana omwe amayenda mtunda wautali kudzaphunzira, n'kuwauza kuti manotsi awo a teremu yonse aonongekera m'nyumba mwa aphunzitsi awo. Manyazi a tsiku limenelo sindidzawaiwala.

Ndimaphunzitsa Fizikisi pa sekondale ina yoyendera kumudzi kuno m'boma la Ntcheu. Nyumba yomwe ndimakhala ndi yamalata akale, ndipo monga nyumba zambiri zotere, imadontha pamisomali komanso m'mazenera momwe putty wogwira magalasi anauma n'kugwa. Loweruka lotsatira ndinapita kutauni, n'kugula machubu awiri a silikoni wotchipa ndi kamfuti kamanja kofinyira. Ndinakwera padenga mvula itangokata, ndipo paliponse pomwe ndinaona msomali ndinapakapo. Pasanathe mwezi silikoni uja anayamba kumatuka ngati khungu la njoka, ndipo pansi pake panali dzimbiri loposa lakale. Ndinangoti zinthu za masiku ano n'zachinyengo, n'kubwerera kutchera mabeseni.

Mu Ogasiti kunabwera mlamu wanga yemwe wakhala zaka zingapo ku Joni, komwe amagwira ntchito yoika mazenera a aluminiyamu m'nyumba zosanja. M'katundu wake munali chida chomwe ndinali ndisanachionepo: mfuti ya silikoni yoyendera mpweya. Maonekedwe ake ndi ngati pampu yaifupi yonenepa yokhala ndi chogwirira. Chubu cha silikoni chimalowa m'kati, kutsogolo n'kutsekedwa ndi chivindikiro chamazinga, ndipo kumunsi kwa chogwirira kumalumikizidwa payipi yochokera ku kompuresa. Ukakanikiza ndi chala, mpweya umalowa kumbuyo kwa chubu n'kumakankha silikoni. Ukachotsa chala, mpweya uja umatuluka n'kaphokoso kakuti "psii", silikoni n'kuima nthawi yomweyo. Kamfuti kanga kamanja kaja kankapitiriza kudontheza ngakhale nditasiya kufinya.

Monga mphunzitsi wa Fizikisi, ndinachita nacho chidwi chifukwa ndi phunziro lomwe ndimalemba pabolodi chaka chilichonse. Chivindikiro chakumbuyo kwa chubu n'chotambalala pafupifupi masentimita 5. Mpweya wa 1 bar umakankha sikweya sentimita iliyonse ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa kilogalamu imodzi. Choncho ukatchera mfutiyi pa 3 bar, silikoni amakankhidwa ngati wasanjikidwa katundu wolemera kuposa thumba la feteleza la makilogalamu 50, ndipo mphamvuyo siikwera kapena kutsika malinga ngati mpweya ulipo. Dzanja la munthu silingatero. Limafinya, kupuma, n'kufinyanso, n'chifukwa chake mzere wa mfuti yamanja umatuluka ponenepa ndi powonda. Pomwe pawonda m'pamene madzi amadzapezera njira.

Vuto linali lakuti kunyumba kwanga kulibe magetsi. Tinakapempha kompuresa yaing'ono, ya thanki ya malita 24, kwa mkulu wina womata matayala pa tiledingi senta. Anatidzazira mpweya komweko, ife n'kuimangirira panjinga. Mfuti yamtunduwu siidya mpweya wambiri ngati yopoperera penti, choncho thanki imodzi inatifikitsa patali.

Ine ndinkaganiza kuti tikangofika tiyamba kupaka. Mlamu wanga anaika mfuti ija pakona, n'kundipatsa burashi yawaya ndi sandipepa.

"Alamu, kodi silikoni munagula uja ankanunkha bwanji?" anandifunsa.

Ndinati ankanunkha ngati viniga, moti ankalasa m'mphuno.

"Basi, mlandu ndi umenewo. Munathira asidi pamalata anu, alamu, ndipo munapaka pamadzi ndi pafumbi. Ngakhale mukanakhala ndi mfuti yangayi, akanamatukabe."

Apa m'pamene ndinadziwira kuti zomwe timangozitcha silikoni zili m'mitundu. Wonunkha viniga uja amatulutsa asidi akamauma. Ndi wabwino pagalasi ndi pamatailosi, koma amadya zinki woteteza malata kudzimbiri, ndiponso sagwira bwino pasimenti. Wapamalata ndi pamafelemu achitsulo ndi yemwe pachubu pake palembedwa kuti neutral cure. Palinso wa acrylic, womata ming'alu ya m'kati mwa nyumba, yemwe amalola penti koma salimba pamalo pokhazikika madzi, pomwe silikoni weniweni penti sagwirapo. Polumikizira konkire amisiri amakonda wa polyurethane. Machubu onsewa amafanana ukawaona pashelefu, ndipo wogulitsa ambiri amangokupatsa chomwe chili pafupi. Werengani chubu musanapereke ndalama.

Masiku awiri athunthu tinathera kukonza malo. Tinapala silikoni wanga wakale yense, chifukwa watsopano sagwira pa wakale. Tinakwecha dzimbiri mpaka chitsulo kuwala, n'kupukuta fumbi. Misomali yomwe inali itagwedera tinaizula n'kukhoma ina yokhala ndi mawashala a labala, pamsana pa lata, osati m'ngalande momwe madzi amayenda. Pena tinapeza kuti omwe anafolera kale anakhoma m'ngalande momwemo, ndipo mabowo amenewo ndiwo ankadontha kwambiri. Lata limodzi linali litadyeka ngati sefa. Mlamu wanga anakanitsitsa kulimata, nati kumeneko n'kutaya silikoni, ndipo ndinagula lina. Kumazenera tinagoba putty yense wotsala, n'kumata tepi yapepala mbali zonse ziwiri za mpata kuti mzere udzaongoke.

Tsiku lachitatu m'pamene mfuti inagwira ntchito, ndipo sinathe ngakhale maola atatu. Anadula kamlomo ka chubu mopendeketsa, bowo lake lolingana ndi mpata womatawo, n'kuboola chotsekera cham'kati. Anayamba ndi mpweya wochepa, akuyesa pakatoni, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka silikoni akutuluka pa liwiro lomwe dzanja lake likanatha kutsatira. Akamaliza mbali imodzi ya zenera, ine ndinkasalaza ndi chala choviika m'madzi asopo, n'kumatula tepi nthawi yomweyo, poti pakangotha mphindi zochepa pamwamba pamayamba kuuma. M'kati mwake mumauma pang'onopang'ono, mamilimita awiri kapena atatu patsiku, choncho ana tinawaletsa kukhudza. Chubu chimodzi cha mamililita 300 chimakwana mamita 12 ngati mzere wake uli wa mamilimita 5 m'lifupi ndi 5 kuya. Mukayeza mazenera anu ndi tepi mutha kudziwa machubu oti mugule musanakwere minibasi.

Nanenso ndinayesako. Ndinatsegula mpweya wambiri, ndipo silikoni anatumphuka n'kudzaza theka la galasi, mayi a kunyumba n'kumaseka pakhonde. Ndinamva kuti mpweya ukachulukitsa ungathe kung'amba chubu m'kati mwa mfuti. N'chifukwa chake chidachi chimafuna ulemu. Osapyola muyezo wolembedwa pamfutiyo. Chotsani payipi ya mpweya musanasinthe chubu. Valani magalasi oteteza maso, ndipo musalozetse payipi kwa munthu ngakhale mongocheza, chifukwa mpweya wopanikizidwa umavulaza. Thanki ya kompuresa imasunga madzi pansi pake, ndipo amafunika kukhetsa mukaweruka kuti isachite dzimbiri. Padenga pondani pamzere wa misomali, pomwe pansi pake pali thabwa, ndipo musakwere malata ali onyowa ndi mame.

Anzanga kusukulu atamva, angapo anafunsa komwe angagule mfuti yotereyi. Ndinawayankha zomwe ndikufuna kuuzanso inu owerenga: ngati mukungofuna kumata nyumba yanu imodzi, musaigule. Mfutiyo payokha siigwira ntchito popanda kompuresa, payipi ndi magetsi kapena jenereta, ndipo ndalama zimenezo zingakugulireni malata angapo atsopano. Mfuti yamanja yolimba, silikoni woyenera ndi masiku awiri okwecha zikukwanirani. Zomwe zinapulumutsa denga langa ndi burashi yawaya ija komanso kuwerenga chubu. Mfuti ya mpweya inangofulumizitsa ntchito ndi kuikongoletsa.

Koma kwa mmisiri nkhani ndi ina. Munthu womata magalasi a sukulu yonse, tchalitchi kapena sitolo yaikulu amatha machubu ambirimbiri patsiku, ndipo pofika masana dzanja limakhala litatupa, mizere n'kuyamba kukhota. Kwa iyeyo mpweya ndi wantchito wosatopa. M'matauni mwathu mazenera a aluminiyamu ndi magalasi akuluakulu akuchuluka, ndipo onsewa amadalira kumata kwabwino. Achinyamata omwe akuphunzira zomangamanga m'makoleji a luso la manja pansi pa TEVETA angachite bwino kuchidziwa chidachi. Ambiri mwa ophunzira anga sadzapeza malo kuyunivesite akalemba MSCE, ndipo ntchito ngati iyi ndi yomwe ingawadyetse.

Mlamu wanga asanabwerere ndinam'pempha kuti abwere ndi mfuti ija m'kalasi. Ana omwe amagona ndikamalemba za mphamvu ya mpweya pabolodi anaimirira pamadesiki kuti aone bwino. Mtsikana wina, mmodzi mwa omwe makope awo ananyowa, ndiye anawerengetsa yekha za thumba la feteleza lija, ndipo anakhoza.

Mvula yoyamba ya chizimalupsa yagwa kale kuno, ndipo patebulo panga sipanadonthe. Sindikudzitama, mayeso enieni ndi a mu Januwale ndi Febuluwale. Koma inu amene mukudikira kuti muone kaye pomwe pakudontha, kumbukirani kuti silikoni amafuna lata louma. Kwerani padenga mwezi uno dzuwa likadalipo. Masana tsekani zitseko ndi mazenera, muyang'ane kumwamba: paliponse pomwe mukuona kadontho ka kuwala, madzi adzalowera pomwepo.