Ntchito ya Actuary: Masamu Osunga Malonjezo a Ndalama

Mwa ntchito zimene omaliza digiri ya masamu amalowa m'makampani, ya actuary ndi imene imadalira kwambiri masamuwo. Actuary amawerengera ndalama zimene kampani ya inshuwalansi kapena thumba la penshoni liyenera kutolera lero kuti lidzathe kulipira anthu patapita zaka 30 kapena 40.

Anayambitsa ntchitoyi ndi asayansi. Mu 1693 Edmond Halley, katswiri wa zakuthambo, anasanthula kaundula wa obadwa ndi omwalira mumzinda wa Breslau, n'kuwerengera kuti mwa anthu a msinkhu uliwonse ndi angati amafika chaka chotsatira. Mu 1762 kampani ya inshuwalansi ya Equitable Life inatsegulidwa ku London potsata nzeru ya James Dodson, yoti munthu azilipira molingana ndi zaka zimene ali nazo polowa.

Digiri payokha sikwanira. Pali mayeso a mabungwe monga Institute and Faculty of Actuaries la ku Britain ndi Actuarial Society of South Africa, ndipo ambiri amawalemba ali kale pa ntchito: masana pa kompyuta, usiku pa mabuku, kwa zaka ndithu. Ena amalekera panjira. Amene anamaliza amatchula kawirikawiri chimene sanaphunzire m'kalasi: kuuza mabwana mosapita m'mbali kuti phindu limene akufuna kugawana chaka chino lisungidwe, chifukwa lili ndi eni ake amene adzalifuna atakalamba.

Udindo waukulu wagona pamenepa, ndipo zikalakwika amavutika ndi anthu amene alibenso mphamvu zoyambiranso. Equitable Life yomwe ija inalonjeza makasitomala ambiri penshoni ya mlingo wosasintha. Chiwongoladzanja chitatsika, anthu n'kumakhalanso ndi moyo wautali, lonjezolo linaposa ndalama zimene kampaniyo inasunga. Mu Disembala 2000 inasiya kulandira makasitomala atsopano, ndipo ndalama za ambiri zinadulidwa.

Ku Malawi ntchitoyi inakula pamene lamulo la penshoni la 2011 linakakamiza olemba ntchito kusonkhera antchito awo. Chovuta kuno ndi kwacha. Mu Novembala 2023 inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, choncho actuary amayenera kuyerekeza zaka zimene wopuma pa ntchito adzakhale ndi moyo, komanso ngati penshoni yakeyo idzagulebe thumba la chimanga.