Shosholoza: nyimbo ya m'migodi imene inasanduka ya dziko lonse

Shosholoza ndi nyimbo imene anthu a ku South Africa amaitenga ngati nyimbo yachiwiri ya fuko lawo, koma amene anaipeka sadziwika. Nyimbo zotere zilibe tsiku lobadwa, choncho akatswiri amafufuza msinkhu wake m'mawu ake omwe.

Mawuwo ndi osakaniza Chindebele ndi Chizulu. Amatchula "stimela", sitima ya malasha, komanso Rhodesia, kumene sitimayo ikuchokera. Dzina la Rhodesia linakhazikitsidwa mu 1895, ndipo njanji inafika ku Bulawayo mu 1897. Ndiye kuti nyimboyi, m'mene tikuidziwiramu, singakhale yakale kuposa pamenepo. Eni ake ndi amuna amene ankapita kukakumba golide ku Joni, golide amene anapezeka mu 1886. Ulendo wake ndi womwe uja agogo athu ambiri anayenda ndi Wenela.

Kaimbidwe kake kamaulula ntchito imene inkagwira. Mmodzi amatsogolera, gulu n'kuvomera. Pamene wotsogolera akuimba, mapiki ali m'mwamba. Gulu likamavomera, onse agwera pamwala nthawi imodzi. Amene anaonapo amayi awiri akusinja pamtondo umodzi, misi ikulandizana osagundana, wamvetsa kale. Liwu loti "shosholoza" limatanthauza kupita patsogolo, ndipo "sho-sho" wakeyo akumveka ngati kupuma kwa sitima ikamakwera chitunda.

Nyimboyi inalowanso m'ndende. Nelson Mandela analemba kuti iye ndi anzake ankaiimba pogwira ntchito yakalavulagaga pa Robben Island.

Kutchuka kwake kwa lero kunabwera mu 1995, pa mpikisano wa dziko lonse wa rugby, masewera amene kale ankaoneka ngati a azungu okha. Pa 24 June, ku Ellis Park, South Africa inagonjetsa New Zealand 15-12, bwalo lodzaza azungu likuimba nyimbo ya anthu akuda a m'migodi. Ena anati ndi chizindikiro cha umodzi; ena zinawawawa kuti nyimbo ya thukuta ndi kulakalaka kumudzi yasanduka yochemerera mpira. Odandaulawo sangangonyozedwa, pakuti oimba ambiri lero anachotsamo Rhodesia n'kuikamo South Africa, ndipo sitima ija sikuchokeranso kwawo kwa amene anaiyamba.